Ndakomoka tsiku lachitatu losala kudya, ndipitirize mpaka masiku 7?

Mayi wa Awiri

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zolemba zanu osayankhapo, koma lero ndati safunsa anadya phula. Ndili ndi zaka 38, ndipo kumayambiriro kwa chaka ndinkalemera makilogalamu 96. Mawondo ankandiwawa pokwera masitepe, BP nayo inakwera mpaka anandiyambitsa mapiritsi. Ndinayamba intermittent fasting ija amati 16:8, kudya mkati mwa maola 8 okha, maola 16 enawo osalawa kanthu. Pa miyezi iwiri ndinatsika makilogalamu 4, kenako sikelo inangoima. Ndinayamba kudya kamodzi patsiku. Itaimanso, ndinayamba kusala maola 72 sabata iliyonse, madzi okha ndi tiyi wopanda shuga. Panopa ndili pa 84.

Ulendo uno ndinafuna kufika masiku 7. Dzulo linali tsiku lachitatu. Ndinadzuka mbandakucha kupita kubafa, nditangoimirira m'maso munachita mdima, m'makutu muli ziii. Ndinatsitsimuka ndili pansi, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 akundigwedeza uku akulira, pachipumi patatupa poti ndinamenyetsa pachitseko. Mpaka pano sindinadye, lero ndi tsiku lachinayi. Amene munafikako masiku 7, chizungulire chimenechi munachidutsa bwanji? Ena akuti ndizithira mchere m'madzi.

Namwino Wopuma

Mayi, za mchere zidikire kaye. Tandiyankhani msanga. Mapiritsi a BP aja mukumwabe masiku osalawa? Ndi amtundu wanji? Nanga mtima mukuumva bwanji mukagona?

Mayi wa Awiri

Ndikumwabe m'mawa uliwonse amayi, sindinadumphitsepo. Ndi aang'onoang'ono aja okodzetsa pafupipafupi. Usiku mtima umachita ngati wadumpha, kenako n'kuyamba kuthamanga, ndimachita kukhala tsonga pabedi. Akatumba nawo akumakokana mpaka kundidzutsa.

Namwino Wopuma

Ndiye tamverani mwana wanga. Musadikire mayankho ena pano. Nyamukani lero lomwe mupite kuchipatala, wina akuperekezeni, ndipo galimoto musayendetse. Mukawauze zonse osabisa: masiku amene mwakhala osadya, miyezi imene mwakhala mukuchita zimenezi, dzina la mapiritsi, kugwa kuja ndi kumenyetsa mutu. Apempheni akuyezeni michere ya m'magazi, makamaka potaziyamu, ndi kagundidwe ka mtima pa ECG.

Munthu akasiya kudya insulin, homoni yoyendetsa shuga m'magazi, imatsika, ndipo ikatsika impso zimayamba kutaya mchere ndi madzi kuposa masiku onse. Inu mwawonjezerapo piritsi limene ntchito yake ndi yomweyo, ndipo ambiri mwa mapiritsi okodzetsawa amakoka potaziyamu n'kutuluka naye limodzi. Kukutuluka mbali ziwiri pamene polowera mwatseka. N'chifukwa chake mukaimirira magazi sakufika msanga kumutu. Koma ine chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mtima wodumphawo. Potaziyamu ndi amene amathandiza mtima kugunda mwadongosolo, akachepa kwambiri mtima ungathe kusokonekera munthu ali mtulo. Mchere wa kukhitchini subwezera potaziyamu. Komanso musakagule mapiritsi a potaziyamu n'kumamwa mongoganizira, poti akachuluka amaimitsanso mtima.

Bambo wa OMAD

Pepani mayi ndi ngoziyo, ndipo kuchipatala pitani ndithu, pamenepo sindikutsutsa. Koma anzanga tisafike ponena kuti kusala n'koipa. Ine ndatha zaka ziwiri ndikudya kamodzi patsiku, njira imene amati OMAD. Ndinali 108, lero ndili 89, ndimagwira ntchito tsiku lonse mutu uli mbee. Ndinayesapo zowerengera makalori, mlungu sunathe ndinatopa nazo. Kusala n'kosavuta kutsata chifukwa lamulo ndi limodzi, nthawi ikakwana idya, isanakwane usadye. Ndasalapo masiku 5 kawiri konse popanda vuto.

Ndipo thupi limapirira kuposa mmene timaganizira. Kuli bambo wina wa ku Scotland, Angus Barbieri, anakhala masiku 382 osadya kuyambira 1965 mpaka 1966. Anachoka pa makilogalamu 207 n'kufika pa 82, ndipo anakhala moyo zaka zambiri pambuyo pake. Mafuta amene tasenzawa ndi chakudya chimene thupi linasunga. Vuto la mayiwa ndi mapiritsi aja basi.

Mphunzitsi wa Sayansi

Achimwene, nkhani ya Barbieri ndi yoona, koma anthu amaifotokoza theka. Bambo ameneyu ankaonedwa ndi madokotala ku Dundee nthawi yonseyo, ankapita kukayezedwa magazi pafupipafupi, ankamwa mavitamini, ndipo nthawi zina ankapatsidwa potaziyamu ndi sodium. Anali mnyamata wa zaka 27 wokhala ndi mafuta oposa makilogalamu 100 osungira. Lipoti la madokotala ake lomwe linatuluka mu 1973 linatchulanso anthu ena asanu amene anamwalira pochepetsa thupi mwa kusala kotereku. Amene anapulumuka ndi amene dzina lake likuyendayenda pa intaneti, asanu aja satchulidwa.

Mayi wa Awiri, ndikufunseni. Mukasala maola 72, sikelo imatsika zingati, ndipo mukayamba kudya imabwerera zingati?

Mayi wa Awiri

Imatsika 3, nthawi zina 3 ndi theka. Ndikadya masiku awiri imabweza 2 kapena kuposerapo. N'zimene zimandipweteka mtima mpaka kuganiza zotalikitsa masiku. Ndikuvala tsopano, mlamu wanga akubwera kudzanditenga.

Mphunzitsi wa Sayansi

Muyende bwino, izi mudzawerenga mukabwerako. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mayi wa thupi ngati lanu amagwiritsa ntchito makalori a m'ma 2,000 patsiku. Masiku atatu osadya ndi makalori pafupifupi 6,000. Ngakhale onsewo atachokera ku mafuta okhaokha, zomwe sizichitika, kilogalamu imodzi siikwana. Nanga ziwiri zinazo zikuchokera kuti? Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu ngati glycogen, magalamu 400 mpaka 500, ndipo galamu iliyonse imasungidwa ndi madzi pafupifupi magalamu 3. Mukasala glycogen amayamba kutha, madzi ake n'kutuluka mumkodzo. Onjezanipo madzi opita ndi mchere amene anamwino anena, ndi m'matumbo mmene mulibe kanthu. Mukadya zonsezi zimabwerera m'malo mwake. Ndiye makilogalamu 2 amene amakuliritsani aja si mafuta obwerera ayi, ndi madzi amene thupi lanu likuwafuna. Mwakhala mukudzilanga sabata ndi sabata chifukwa cha madzi.

Bambo wa OMAD

Masamuwo ndawamva aphunzitsi, koma makilogalamu 19 anga si madzi. Lamba ndinaboola mabowo atatu atsopano. Kusala kumagwira ntchito, nanga tikane zimene tikuona ndi maso?

Mphunzitsi wa Sayansi

Sindikukana, anuwo ndi mafuta enieni ndipo mwalimbikira. Chimene ndikutsutsa ndi maganizo akuti m'maola osadyawo muli mphamvu yapadera, moti ukawachulukitsa phindu limachulukanso. Zimenezi zinayesedwa. Mu 2022 magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa ku Guangzhou, China, wa anthu 139 kwa chaka chathunthu. Onse anachepetsa makalori mofanana, koma gulu lina linkadya kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo basi, lina nthawi ina iliyonse. Oyang'ana wotchi anatsika pafupifupi makilogalamu 8, enawo 6.3, ndipo ofufuzawo anapeza kuti kusiyanako sikunali kokwanira kunena kuti njira ina yapambana.

Ku Chicago nako, mu 2017, anayesa kusala kodumphitsa tsiku pa anthu 100 kwa chaka. Osala anataya pafupifupi 6 peresenti ya kulemera kwawo, ongochepetsa chakudya tsiku lililonse 5 ndi pang'ono. Koma amene anasiyira panjira anachuluka kwa osala, 38 pa 100 alionse, pamene kwinako anali 29.

Tanthauzo lake n'lakuti inu mwatsika chifukwa kudya kamodzi kwakuthandizani kudya zochepa, ndipo njirayo ikugwirizana ndi moyo wanu. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma ngati phindu likuchokera pa kuchepa kwa chakudya, palibe chifukwa choti munthu afike pogwa kubafa kuti alipeze.

Wonyamula Zitsulo

Ine ndiwonjezere za minofu, poti sikelo siisiyanitsa. Ubongo umafuna shuga usana ndi usiku. Glycogen akatha, masiku oyambirirawo thupi limaphwanya mapuloteni a m'minofu kuti lipange shuga, lisanazolowere bwino kudalira ma ketone, amene chiwindi chimapanga kuchokera ku mafuta. Amene amasala masiku atatu sabata iliyonse amangobwerezabwereza gawo lomwelo. Kafukufuku wa ku San Francisco wa mu 2020, wa anthu 116 kwa masabata 12, anapeza kuti amene anali pa 16:8 anatsika pafupifupi kilogalamu imodzi yokha, ndipo mwa amene anawayeza bwinobwino gawo lalikulu la zimene anataya silinali mafuta. Akafukufuku ena, makamaka a anthu odya mapuloteni okwanira uku akunyamula zitsulo, sanapeze vuto limeneli. Koma munthu wa madzi okha mapuloteni awatenga kuti?

Ndinaona mnzanga wina kumalo olimbitsira thupi. Anabwera atasala masiku 10, thalauza likugwa, aliyense akumuyamikira. Chitsulo chimene ankachinyamula ka 12 anachikweza kanayi n'kukhala pansi, milomo ili gwa. Mayiwa vuto lawo loyamba linali mawondo. Bondo limachirikizidwa ndi minofu ya ntchafu, ndiye ikatha bondolo litsamira chiyani?

Chemwali Wachete

Ndakhala ndikulemba n'kufufuta, koma ndilembe poti mwina wina akudutsa momwe ndinadutsa. Ine ndinayamba chimodzimodzi, 16:8, kenako 20:4, kenako kamodzi patsiku, kenako masiku awiri, atatu. Pafoni ndinali ndi app yowerenga maola, kabwalo kake kamadzaza pang'onopang'ono. Ndinkasangalala ndi kabwaloko kuposa china chilichonse. Anzanga akandiitana kokadya ndinkanama kuti ndadya kale.

Chimene sindinkauza munthu ndi chimene chinkachitika kusala kukatha. Ndinkadikira onse agone, n'kulowa kukhitchini osayatsa getsi, n'kudya chiimire. Buledi yense, mpunga wozizira wa mufiriji ndi manja, shuga ndi supuni. Sindinkamva kukoma, ndinkangomeza mpaka mimba kuwawa moti kugona chagada kunkakanika. Kukacha manyazi ankandigwira, n'kunena kuti ndilipira ndi masiku anayi osadya. Zinayenda choncho miyezi 8. Tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, msambo unasiya miyezi inayi, masana dzuwa lili phwee ine nditavala juzi.

Choipa kwambiri n'chakuti palibe anaona vuto, chifukwa ndinali ndisanaonde mochititsa mantha. Aliyense ankati ukuoneka bwino, ukuchita bwanji, tiphunzitse. Amene anazindikira ndi mng'ono wanga, anandipeza kukhitchini 2 koloko usiku. Anandiperekeza kwa dokotala, dokotala n'kunditumiza kwa mlangizi wa za maganizo. Chinthu choyamba chimene anandiuza chinali chakuti ndizidya katatu patsiku pa nthawi yake, njala ilipo kaya palibe. Ndinalira, ndinkaona ngati akufuna kundinenepetsa. Koma kudya kwa usiku kuja kunayamba kuchepa nditangosiya kusala.

Mayi wa Awiri, mwagwa, mwana wanu walira, koma funso lanu ndi lakuti mupitirize bwanji. Inenso ndikanafunsa chimodzimodzi nthawi imeneyo. Mukawauzenso adokotala zimenezi.

Namwino Wopuma

Zikomo chemwali, mwalimba mtima. Zimene mwalembazi zithandiza anthu amene sadzayankha n'komwe pano.

Mphunzitsi wa Sayansi

Chemwali, musadziimbe mlandu kuti munali wosadziletsa. Mu 1944 ndi 1945 Ancel Keys wa ku yunivesite ya Minnesota anatenga amuna 36 athanzi, osankhidwa chifukwa anali okhazikika maganizo, n'kuwapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Anayamba kulota chakudya, kutolera mabuku a kaphikidwe, kupsa mtima msanga, kumva kuzizira nthawi zonse. Atawalola kudya momasuka, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta, ndipo zinatenga miyezi kuti zikhazikike. Anthu amenewa sankafuna kuonda n'komwe. Njala yokha ndiyo inawachititsa zimenezo. Ubongo wa munthu aliyense ukasowetsedwa chakudya umabweza choncho.

Bambo Wodwala Shuga

Anzanga a shuga mvetserani. Ine ndimamwa glibenclamide ndi metformin. Ndinaonera mavidiyo onena kuti kusala kumachiritsa shuga, ndinayamba osauza dokotala, mapiritsi ndikumwabe monga mwa masiku onse. Tsiku lachiwiri ndili pantchito thukuta lozizira linangoyamba, manja akunjenjemera, mawu akutuluka ngati woledzera. Mnzanga anandibaya chala ndi kamakina kanga, kanawerenga 2.6. Shuga akatsika kupitirira 3.9 ndiye kuti watsika kale. Anandimwetsa madzi a shuga ndisanakomoke, mwayi wake unali umenewo.

Glibenclamide amakankha kapamba kutulutsa insulin kaya wadya kaya sunadye. Obaya insulin ngozi yake ndi yomweyo kapena kuposa. Kuchepetsa thupi kumathandizadi shuga, ine wanga watsika nditataya makilogalamu 7 pang'onopang'ono, koma mankhwala ayenera kusinthidwa ndi dokotala musanasinthe kadyedwe.

Woyang'anira Gulu

Ndachotsa ndemanga imene imalimbikitsa mayiwa kusiyanso madzi, yomwe amati dry fasting. Munthu wakomoka kale, akumwa mapiritsi okodzetsa, wina n'kumati asiye madzi? Mafuta satha msanga chifukwa chosamwa madzi, zimene zimavulala ndi impso. Kutsutsana n'kololedwa, koma malangizo oika moyo wa munthu pachiswe ndizichotsa.

Wongofunsa

Pepani ndilowererepo. Nanga za autophagy zija? Ine ndinamva kuti ukafika maola 72 thupi limadziyeretsa lokha, maselo akale n'kudyedwa, ndipo amene anatulukira zimenezi analandira Nobel. N'chifukwa chake ine ndimasala, osati kuonda kokha.

Mphunzitsi wa Sayansi

Nobel ija ndi yoona. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira mu 2016 chifukwa chofotokoza mmene selo limaphwanyira ziwalo zake zotha ntchito n'kugwiritsanso ntchito zipangizozo. Koma ntchito yake yaikulu anaichita pa yisiti, ndipo mphoto sinali ya njira yochepetsera thupi. Autophagy imachitika m'thupi mwanu nthawi zonse, ngakhale panopa mukuwerenga. Njala imaikweza, masewera olimbitsa thupi amaikwezanso. Zambiri zimene zimanenedwa pa kusala ndi autophagy zinachokera pa mbewa, ndipo mbewa ikakhala masiku awiri osadya imataya gawo lalikulu la thupi lake, zosiyana kutali ndi munthu. Matchati amene amati pa ola lakutilakuti thupi layamba kudziyeretsa amaoneka okongola, koma kuyeza autophagy mkati mwa munthu wamoyo n'kovuta kwambiri, ndipo manambala amenewo sanachokere pa kuyeza kotero.

Namwino Wopuma

Pali china chimene sindinafotokoze bwino m'mawa chifukwa ndimafuna mayiwa anyamuke. Ndaona angapo pano akunena za masiku 7, ena 10. Ngozi siithera pa kusala, ina imadikira pa mbale yoyamba. Kuchipatala timati refeeding syndrome. Munthu akakhala masiku ambiri osadya, phosphate, potaziyamu ndi magnesium zimatha m'thupi mwakachetechete. Akadya chakudya chambiri nthawi imodzi, makamaka chokhutitsa ndi chotsekemera, insulin imakwera mwadzidzidzi n'kukokera michere yotsalayo kuchoka m'magazi kulowa m'maselo. M'magazi mumatsala mopanda kanthu. Zotsatira zake ndi kutupa miyendo, kubanika, kusokonezeka mutu, khunyu, mtima kulephera. Zinaonekera kwambiri nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, akaidi anjala atapulumutsidwa n'kupatsidwa chakudya chambiri mwachifundo, ena n'kumwalira.

Malangizo a NICE, bungwe lolangiza za umoyo ku Britain, amati munthu amene wakhala masiku oposa 5 osadya kapena kudya pang'ono kwambiri ali kale pachiopsezo, ndipo mapiritsi okodzetsa amawatchula m'gulu la zinthu zowonjezera chiopsezocho. M'wodi wodwala wotere timamuyamba ndi chakudya chochepa, timamupatsa thiamine (vitamini B1), n'kumamuyeza magazi masiku oyambirirawo. Kunyumba ndani akuyezani?

Ndipo pali anthu amene sayenera kusala kotalika ngakhale pang'ono: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana amene akukula, okalamba ofooka, odwala impso, obaya insulin, ndi aliyense amene anavutikapo ngati mmene chemwali uja wafotokozera.

Mayi wa Pa Desiki

Musaiwale ndulu. Ine ndinataya makilogalamu 14 pa miyezi iwiri, ndikunyada. Usiku wina ululu unandigwira kumanja pansi pa nthiti, ukulasa mpaka kuphewa, ndikusanza. Scan inaonetsa timiyala. Adokotala anati munthu akamatsika kuposa kilogalamu imodzi ndi theka pa sabata chiwindi chimathira cholesterol wambiri mu ndulu, ndipo poti sukudya kathumba kake sikafinyika, ndiye zimaundana. Anachita kundichotsa kathumbako.

Bambo wa OMAD

Ndawerenga zonse. Za masiku 5 zija ndinkazitenga mopepuka, refeeding sindinkaidziwa, ndipo ulendo wachiwiri miyendo inatupadi masiku angapo, ndinkangoti ndi mchere. Zimenezo sindibwerezanso popanda dokotala. Koma kudya kamodzi patsiku sindisiya. Sindimwa mankhwala alionse, magazi ndimayezetsa chaka chilichonse, ndipo ndikabwerera ku katatu ndimadzidziwa, ndimatolatola tsiku lonse. Aliyense ali ndi njira yake.

Namwino Wopuma

Pa zanuzo bambo sindilimbana nanu, bola mbale imodziyo izikhala yokwanira, ya mapuloteni, masamba ndi zipatso. Pempho langa ndi limodzi. Mukamauza ena za njira yanu, muziyamba mwawafunsa mankhwala amene akumwa.

Mayi wa Awiri

Ndabwerako, pepani ndachedwa kuyankha, anandigoneka usiku umodzi. Potaziyamu anapezeka wotsika, ndipo adokotala ataona pepala la ECG anati sindipita kunyumba. BP anandiyeza nditagona kenako nditaimirira, inagwa kwambiri mpaka namwino anandigwira mkono. Anandiika dripi, n'kundiyamba ndi chakudya chochepa chofewa, m'mawa n'kundiyezanso magazi. Mutu anati uli bwino. Mapiritsi okodzetsa aja andisiyitsa kaye, akuti ndi mmene ndatsikiramu mwina mlingo wakale unali utandikulira kale, ndipo ndibwererenso pakatha sabata. Adokotala anandifunsa kuti ndani anandiuza kusala masiku 7 ndili pa mankhwala. Ndinasowa choyankha, poti anali mavidiyo a anthu osandidziwa.

Chemwali Wachete, zanu ndinawerenga ndili pabedi lachipatala, misozi inatsika. Zolowa kukhitchini usiku inenso ndimachita. Ndinali ndisanauzepo munthu. Ndawauza adokotala, andilembera kalata yokaonana ndi mlangizi.

Koma ndinene zoona, ndili ndi mantha. Lero sikelo yawerenga 86 ndi theka. Ndikudziwa aphunzitsi anati ndi madzi, koma mtima sukumva. Ndikuopa kubwerera pa 96. Ndichite chiyani tsopano?

Mphunzitsi wa Sayansi

Tathokoza kuti mwabwerako. Kumbukirani chimene munayambira, mawondo ndi BP. Madokotala amati kutaya 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kumathandiza kale BP ndi shuga. Kuchoka pa 96 kufika pa 86 ndi 10 peresenti. Mwafika kale pamene adokotala ankafuna, ndipo umboni wake ndi mapiritsi amene akukulirani.

Njala ikakula masabata akubwerawa musadabwe. Ofufuza a ku Melbourne anaonetsa mu 2011 kuti munthu akataya thupi, ghrelin, homoni imene imadzutsa njala, imakhalabe yokwera ngakhale patatha chaka. Choncho ntchito yaikulu panopa ndi kusunga pamene mwafikapa kwa miyezi ingapo. Mukadzafuna kutsikanso, theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino, osapitirira imodzi.

Wonyamula Zitsulo

Adokotala akakulolani, yambani ndi kuyenda, kenako kukhala ndi kudzuka pampando ka 10, maulendo atatu, kawiri kapena katatu pa sabata. Pa chakudya chilichonse pazikhala mazira, nsomba, nyemba, nyama kapena mkaka. Ntchafu zikalimba mawondo adzakuuzani okha.

Chemwali Wachete

Ine ndingoti app ija muichotse lero lomwe, musanagone. Sikelo mupatse mlamu wanu akasunge kwawo mpaka mutaonana ndi mlangizi, kuchipatala azikuyezani okha. Za 16:8 musabwerereko kaye, ngakhale kwa ena ilibe vuto. Kwa ife amene tinafika podya mobisa usiku, wotchi ija imayambitsanso zonse. Masiku oyamba mimba izitupa ndipo muzidziona ngati mwanenepa, zimatha pakapita masabata angapo. Usiku ukavuta ndilembereni kumbali, ndimagona mochedwa.

Mayi wa Awiri

App ndachotsa, sikelo mlamu wanyamula madzulo ano. M'mawa ndinakhala patebulo ndi ana, koyamba pa miyezi isanu. Wamkazi uja sankadya, amangondiyang'ana mpaka nditamaliza dzira langa, kenako ndi pamene anayamba lake. Anandifunsa ngati mawa ndidzadyanso, ndinamuuza kuti inde. Anamwino, Lachinayi ndikukayezetsanso magazi. Kupatula potaziyamu, ndikawakumbutse ziti?

Namwino Wopuma

Magnesium, phosphate ndi kagwiridwe ntchito ka impso. BP akuyezeninso mutagona ndi mutaimirira, ndipo botolo la mapiritsi akale lija mupite nalo. Mtima ukadumphanso, miyendo ikatupa kapena mukayamba kubanika Lachinayi lisanafike, musadikire tsikulo, bwererani nthawi yomweyo.